Mawu a Mulanje akudikira owajambula

Mu Julaye 2025, bungwe la UNESCO lidaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo amene dziko lonse lapansi liyenera kuwasamala ngati chuma cha anthu onse. Ambiri atamva nkhaniyi adaganiza za Sapitwa, nsonga yotalika mamita 3,002, kapena za mkungudza umene sumera wokha kwina kulikonse. Koma chimene chidapatsa phirili ulemuwu kwenikweni ndi chikhalidwe: chikhulupiriro cha Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe okhala m'tsinde mwake chakuti m'phirimo muli mizimu ya makolo, miyambo ya nsembe, ndi malamulo amene wokwera ayenera kutsata. Zambiri mwa zimenezi sizidalembedwe. Zili m'kamwa mwa agogo a ku Likhubula, ku Nessa ndi ku Bondo, ndipo maliro a munthu wamkulu aliyense amapita nazo zina kumanda.

Chonsecho adzukulu a agogo omwewo amayenda ndi chojambulira mawu m'thumba tsiku ndi tsiku. Foni yomwe amaimbira chibwenzi, kuonera zigoli za Bullets ndi Wanderers ndi kutumizira ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba ndi yokwanira kuyambira podcast: pologalamu yolankhula imene munthu amajambula yekha n'kumaiika pa intaneti gawo ndi gawo, womvera n'kumaimvera nthawi imene wafuna. Sipafunika mlongoti, sipafunika malo pa mafunde a wayilesi, ndipo palibe bwana wokuuza kuti nthawi yako yatha tiwerenge mauthenga a maliro. Achinyamata ofuna kuyamba alipo, koma ukacheza nawo amathamangira kufunsa mtengo wa maikolofoni. Limenelo ndi funso lomalizira.

Kuchoka pa wayilesi imodzi

Amene adabadwa m'ma 2000 sangamvetse kuti mwayi umenewu ndi wachilendo bwanji. Kuyambira 1964, pamene MBC idakhazikitsidwa, mpaka m'zaka za m'ma 1990, dziko lino lidali ndi wayilesi imodzi yokha. Mu 1968 chipani cha MCP chidagamula kuti pa wayilesiyo pazimveka Chichewa ndi Chingerezi basi. Chilhomwe chidayamba kumveka pa nkhani za MBC utabwera ulamuliro wa zipani zambiri. Lamulo la zofalitsa mauthenga la 1998, lomwe lidabala bungwe la MACRA, ndilo lidamasula zinthu: kudabwera Power 101, Capital FM, Radio Maria, kenako Zodiak ya Gospel Kazako mu 2005. Ku Monkey Bay wayilesi ya Dzimwe idaonetsa kuti anthu akumudzi angathe kuyendetsa wayilesi yawoyawo, ndipo lero boma la Mulanje lili ndi wayilesi ya Mzati.

Podcast idabadwira kutali. Idayamba ku America cha m'ma 2004, ndipo kampani ya Apple itaiika mu iTunes mu 2005 anthu wamba adayamba kuipeza mosavuta. Idatchuka zedi mu 2014 ndi pologalamu ya Serial, momwe mtolankhani Sarah Koenig adalondola mlandu umodzi wakupha wa mu 1999 ku Baltimore, sabata ndi sabata, anthu miyandamiyanda akudikira gawo lotsatira. Ina yodziwika ndi Podcast and Chill ya MacG wa ku South Africa, yomwe idayamba mu 2018. Ku Blantyre ndi ku Lilongwe kwabuka ma podcast a pa YouTube ndi Facebook otengera mtundu womwewo: tebulo, mipando ya wofuwofu, mlendo wotchuka, ndi mafunso a zibwenzi, ndalama ndi mikangano ya oimba.

Zimenezo zimawayanja amene ali pafupi ndi anthu otchuka. Mnyamata wa pa Chitakale sangalimbane nawo pa bwalo limenelo, chifukwa oimba ndi andale akuluakulu sadzakwera minibasi ya msewu wa Midima kudzacheza naye. Mphamvu yake ili pa zimene a m'tauni sangazipeze. Ndipo otengerawo amaiwala chimodzi: MacG adayamba wagwira ntchito pa wayilesi zaka zambiri, Koenig nayenso adachokera ku pologalamu ya wayilesi ya This American Life. Kumaoneka ngati kungocheza, koma ndi ntchito yochita kuphunzira.

Nkhani zili pakhomo

Kalembera wa 2018 adapeza anthu 684,107 m'boma la Mulanje. Tiyi wakhala akulimidwa kuno kuyambira 1891, pamene Henry Brown adamudzala ku Thornwood. Mbiri ya tiyi imatchula eni minda ndi mamanijala awo. Mayi amene wathyola tiyi zaka 30, dengu kumsana, mame akumunyowetsa mpaka m'chiuno, satchulidwa. Komatu iyeyo ndiye angafotokoze kusiyana kwa tsamba la mu Januwale ndi la mu Ogasiti, m'mene mtima umagundira pa sikelo kalaliki akamalemba makilo, ndi zimene zimachitika pakhomo nyengo yothyola ikadutsa ganyu n'kutha. Alimi ang'onoang'ono a tiyi a Sukambizi ali ndi nkhani yawo ya mitengo ndi feteleza. Akatswiri ofufuza za tiyi ku Mimosa ali ndi nzeru zofunika wozitambasula m'Chichewa chomveka.

Chaka chilichonse m'nyengo yozizira, pa Likhubula pamayambira mpikisano wa Porters Race, wa makilomita oposa 20 kukwera ndi kutsika phiri. Dzina la wopambana limamveka tsiku limodzi, mawa laiwalika. Koma onyamula katundu wa alendo ndi owalondolera njira amalidziwa phirili mwala ndi mwala: pomwe chifunga cha chiperoni chimatseka njira mwadzidzidzi, zimene mlendo sayenera kuchita akayandikira Sapitwa, ndi m'mene kusaka kumayendera munthu akasowa. Amadziwanso m'mene mkungudza udathera, poti matabwa ake ankatsika pamitu pa anthu m'njira zomwezo. Kafukufuku wa mu 2017 adapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha ya mkungudza yotsala m'phiri lonse. Pologalamu imene ingakhazike pamodzi wocheka matabwa wakale, mlonda wa nkhalango ndi mayi wofesa mbande za mkungudza ku nazale, aliyense n'kunena mbali yake popanda kutukwanana, ine ndingaimvere mpaka kumapeto.

Pa Muloza ndi pa Limbuli pali nkhani ya malire: chimanga chochokera ku Milange pa njinga, kusinthana kwacha ndi metikali, mabanja a tsidya lino ndi tsidya ilo. Ku Chonde, komwe Mulhako wa Alhomwe umachitira chikondwerero chake mu Okutobala, tchopa amavinidwa, kalongonda amadyedwa, koma anthu akabalalika Chilhomwe chimatsalira okalamba. Gule wa tchopa adalandira ulemu wa UNESCO mu 2014, komabe satifiketi siphunzitsa mwana chinenero. Mphindi 10 pa sabata za gogo ndi mdzukulu akuphunzitsana Chimihavani kapena Chikokhola zingathandize kuposa zolankhula za pa nsanja.

Ndiye pali Freddy. Namondweyu adasakaza chigawo cha kum'mwera mu Malichi 2023. Anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa, ndipo oposa 600,000 adasiya nyumba zawo. Kuno, m'dera la Mfumu Yaikulu Njema ndi kwina m'mbali mwa phiri, matope ndi miyala zidatsika n'kukwirira midzi. Atolankhani adabwera, adajambula, adapita. Ndi m'mene ntchito yawo ilili. Zotsatira zake zikufunika munthu wokhala konkuno, amene angabwererenso mwezi wamawa kukafunsa amene adasamuka, amene adabwerera pa bwinja lomwelo posowa kolowera, ndi makolo a ana amene amanjenjemera mvula ikayamba kugunda malata. Akuluakulu amakumbukanso napolo wa ku Phalombe wa mu 1991, nthawi imene Phalombe idali mbali ya boma la Mulanje. Nkhani ziwirizi zikanenedwa pamodzi, pali zambiri zoti midzi ya m'tsinde mwa mapiri itolepo.

Luso lili kukhutu

Muulutsi wongoyamba kumene amayesa kuti ntchito yake ndi kulankhula. N'chifukwa chake funso lake limatenga mphindi yathunthu, yankho lili kale m'kati mwake, mlendo n'kungotsala ndi "eya". Amene adamverapo Brian Banda akupanikiza wandale pa Times Exclusive, kapena Joab Frank Chakhaza akucheza ndi mlendo pa Cruise 5 ya Zodiak, aona kuti ngakhale awiriwa amafunsa mosiyana, funso logwira mtima limatuluka pa zimene mlendo wangonena kumene, osati pa pepala. Zimenezi sizitheka ngati wofunsa akuloweza funso lotsatira mnzake akulankhula.

Tiyerekeze kuti mwapita kukacheza ndi agogo aamuna amene ankanyamula katundu wa alendo m'phiri. Simufika n'kuwaloza foni pakamwa. Mumaodira, mumapatsidwa mpando kapena mphasa, mumalonjerana, mumanena kuti ndinu mwana wa yani ndipo mwadzera chiyani. Ngati mudziwo ndi wachilendo, mumayamba mwadzera kwa amfumu. Mumawauza momveka kuti mawu awo akamveka kwa anthu ambiri, ngakhale a ku Joni, ndipo akalola mumayatsa foni n'kuwapempha abwereze kulolako kuti kujambulidwe. Kenako funso. Mukati, "Agogo, ntchito imeneyi inali yowawa, eti?" adzangoti inali yowawa, nkhani yathera pompo. Koma mukati, "Agogo, tandiuzeni za tsiku loyamba limene munakwera ndi katundu. Munadzuka nthawi yanji, munadya chiyani?" mwawabwezera ku tsiku lenilenilo, ndipo zina zonse zimatuluka zokha: kulemera kwa chikwama, nsapato zimene analibe, ndalama imene analandira ndi chimene anagula nayo. Akakhala chete musathamangire kuwafunsa lina. Munthu wamkulu akazolika n'kukhala phee, kawirikawiri mawu olemera ali m'njira. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali chizolowezi china chimene chimaononga zojambula zambiri, chikhalirecho chimachokera ku ulemu. Tidaleredwa kuti wamkulu akamalankhula tizivomera: "eee", "inde", "zoona", "ndithu". Pa nthano, wosimba sapitiriza ngati omvera sakuyankha kuti tili tonse. Pamaso m'pamaso zimakoma. Pa zojambula, kuvomera kwa muulutsi kumaphimba mawu a mlendo, ndipo podula simungazilekanitse. Muulutsi aphunzire kuvomera ndi mutu ndi maso, pakamwa pali potseka, koma ayambe wawachenjeza agogowo kuti asayese mwano.

Mawu enieniwo nawo ali ndi vuto lake. Ambiri akaona maikolofoni amasintha: mawu amanenepa, Chingerezi chimalowa m'chiganizo chilichonse, kalankhulidwe ka kwawo amakabisa mwamanyazi. Womvera sachedwa kuzindikira mawu obwereka. Wa ku Mulanje alankhule monga wa ku Mulanje. Chachikulu n'chakuti liwu lililonse limveke mpaka pothera, lisamezedwe. Omvera akhoza kukhala zikwizikwi, koma aliyense amamvera payekha, mahedifoni m'khutu, akupalasa njinga kapena akuchapa. Kukuwa kwa pa msonkhano wa ndale n'kosafunika apa. Lankhulani ndi munthu mmodzi. Pumani pomwe chiganizo chathera, ndipo chepetsani liwiro. Zolemba zikhale mawu otsegulira ndi otsekera, pakati mitu yokha, ndipo muzizilemba m'Chichewa kuyambira pachiyambi osati kumasulira za Chingerezi. Ziwerengeni mokweza musanajambule. Pomwe lilime lapunthwa, chiganizocho chatalika kapena si chathu.

Njira yophunzirira yosafuna ndalama ndi yowawa pang'ono: kudzijambula mphindi 5 tsiku lililonse n'kudzimvera. Palibe amene amakondwa ndi mawu ake akawamva koyamba. Pakapita masabata mumayamba kumva zimene ena amamva: "ndiyeno" wobwerezabwereza, "basi" wa m'chiganizo chilichonse, kuseka nthabwala isanathe. Sukulu zilipo, monga MIJ ndi MUBAS ku Blantyre zimene zimaphunzitsa utolankhani, koma wosowa fizi asataye mtima. Wayilesi za m'madera zimadalira kwambiri anthu odzipereka, ndipo miyezi ingapo yotola nkhani za kwanu, kunyamula zingwe ndi kuonerera mkonzi akudula mawu ndi maphunziro okwanira. Aphunzitsi ena tili nawo m'mudzi momwemo: mkulu wa mpingo woyendetsa mwambo wa maliro, amene amadziwa woyamba kulankhula ndi wotsiriza, ankhoswe amene amanena mawu owawa banja osatha, woyendetsa perekaniperekani amene amasunga anthu pa ukwati mpaka dzuwa kupendeka. Kusunga nthawi, kupereka mpata, kudula mwaulemu munthu wotalikitsa, onsewa amachita sabata ndi sabata, ndipo kuwaonerera n'kwaulere.

Foni, chipinda ndi bandulo

Tsopano za zipangizo. Foni ikhale pa mtunda wa chikhatho chimodzi kuchoka pakamwa, chapambali pang'ono kuti mpweya wa "p" ndi "ph" usaphulike m'makutu mwa womvera, ndipo muitseke netiweki kuti wina asaimbe nkhani ili m'kati. Chimene chimaononga kwambiri ndi chipinda. Nyumba ya malata yopanda siling'i, ya simenti pansi ndi makoma opanda kanthu, imabweza mawu. Ndipo kuno komwe mvula sichedwa, malata akayamba kulira ntchito yaima. Chipinda chogona chokhala ndi matiresi, makatani ndi zovala zopachika chimaposa holo ya sukulu. Nyumba yofolera udzu ndiye yabwino koposa. Panja pewani mphepo, chigayo ndi msewu wa njinga zamoto, koma kulira kwa tambala, kusinja kapena mkokomo wa mtsinje chapatali musazithawe, chifukwa zimamuuza womvera komwe ali. Ndalama ikapezeka yambani ndi mahedifoni kuti muzimva zimene zikulowa, kenako kamaikolofoni kokoleka pa malaya, ndi power bank, poti magetsi athu tonse tikuwadziwa. Pologalamu ya pa kompyuta yodulira mawu ilipo yaulere, dzina lake Audacity.

Funso lovuta kuposa zipangizo ndi lakuti anthu adzamvera bwanji. Kalembera wa 2018 uja adaonetsa kuti m'dziko muno pafupifupi theka la mabanja lidali ndi foni, banja limodzi mwa atatu aliwonse lidali ndi wayilesi, ndipo intaneti idali m'mabanja osakwana limodzi mwa asanu. Zinthu zasinthako, koma ndalama ya bandulo ikadalimbirana ndi ya ndiwo, makamaka chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Tiwerengere limodzi. Mawu okhaokha osungidwa ngati MP3 pa 64 kbps amadya pafupifupi theka la megabyte pa mphindi, choncho pologalamu ya mphindi 20 ndi ma megabyte 10. Kanema wotalika chimodzimodzi amadya kangapo kuposa apo. Wotengera za ku Johannesburg n'kujambula kanema wa maola awiri wadzisankhira yekha omvera: a m'tauni okhala ndi Wi-Fi ya ku ofesi.

Choncho podcast ya ku Mulanje iyende m'njira zimene nyimbo zimayenda kale. Iikeni pa Spotify, amene adayamba kupezeka m'Malawi mu 2021 ndipo amalola munthu kuikapo pologalamu yake kwaulere, komanso pa YouTube ndi Facebook kuti abale a ku Joni ndi ku Ulaya aipeze. Koma omvera a pakhomo adzailandira m'magulu a WhatsApp a mpingo, a banki m'khonde ndi a makalabu a alimi. Adzapatsirana pa Bluetooth. Adzaipeza kwa anyamata oika nyimbo m'ma memory card pa Chitakale, pa Nkando ndi pa Limbuli. N'chifukwa chake gawo lililonse liyambe ndi dzina la pologalamu, la muulutsi ndi tsiku, poti likafika pa foni yachisanu palibe adzadziwe kumene lachokera. Wayilesi nayo si mdani. Pologalamu yokonzedwa bwino ingathe kuperekedwa ku wayilesi ya m'dera kuti iulutsidwe, wayilesiyo n'kumasunganso mapologalamu ake pa intaneti kuti amene adali kumunda awamvere madzulo.

Tisaiwale za anamapopa

Anthu a ku Mulanje ali ndi chifukwa chawo chosaseweretsa mawu. Mu Seputembala 2017 mphekesera za anamapopa zidabuka m'boma lino ndi ku Phalombe, n'kufalikira ku Thyolo, ku Chiradzulu mpaka ku Blantyre. Magulu a anthu adatseka misewu, adasecha magalimoto, ndipo anthu angapo adaphedwa pongowaganizira. Bungwe la United Nations lidachotsa antchito ake ku Mulanje ndi ku Phalombe kwa kanthawi, a zaumoyo adaopa kulowa m'midzi, ndipo Pulezidenti Peter Mutharika adachita kubwera kudzalankhula ndi anthu. Umboni wakuti kudalidi opopa magazi sudapezeke. Zonsezo zidayenda pakamwa ndi pa foni, aliyense akuti wamva kwa munthu amene adaona ndi maso.

Wa podcast alibe mkonzi womuletsa, ndiye adziletse yekha. Mlendo akanena kuti mfumu yakutiyakuti idagulitsa malo, kapena kuti kapitawo uje amafuna chiphuphu, mawuwo akatuluka mlandu umagwera wonena ndi wofalitsa yemwe. Funsani umboni, kamveni mbali inayo, ndipo ngati sizikumveka dulani. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 likugwira ntchito, ndipo anthu amangidwapo m'dziko muno chifukwa cha zimene adalemba kapena kulankhula pa WhatsApp ndi Facebook. Omenyera ufulu wa atolankhani, monga MISA Malawi, akhala akudandaula kuti lamuloli likugwiritsidwa ntchito poopseza odzudzula, ndipo dandaulo lawo n'lomveka. Koma mtsikana wa ku Mathambi alibe loya; chomuteteza ndi kunena zokhazo zimene angazitsimikize. Ali ndi chida chinanso. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani ku maofesi a boma, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, si la atolankhani a m'nyuzipepala okha. Wofuna kudziwa m'mene ndalama za CDF zidayendera m'dera lake ali ndi ufulu wolembera kalata khonsolo.

Pa nkhani za ana, odwala ndi amene adachitidwa nkhanza, dzina ndi mudzi zibisidwe, nthawi zina ndi mawu omwe, poti kumudzi munthu amadziwika ngakhale ndi kutsokomola. Wopulumuka pa Freddy akayamba kulira zimitsani foni. Akafuna kupitiriza adzanena yekha. Nyimbo za eni nazo si zongotola. Bungwe la COSOMA lilipo kuteteza oimba, ndipo YouTube ndi Spotify amathana ndi zinthu zokhala ndi nyimbo zopanda chilolezo. Kwaya ya kwanu kapena mnzanu woimba gitala angakupekereni kanyimbo kotsegulira mutagwirizana.

Nanga ndalama?

Apa tisanamizane. Ma podcast ochuluka padziko lapansi salipira eni ake, ndipo ambiri amafa atangotulutsa magawo ochepa. Woyamba ndi maloto ogula galimoto adzasiya mwezi wachitatu. Zotheka ndi zazing'ono: wogulitsa zipangizo za ulimi pa boma kapena mwini malo ogona alendo okwera phiri kulipira kauthenga ka masekondi 30, bungwe la zaumoyo kapena zachilengedwe kupereka ganyu kwa munthu wodziwa kufunsa ndi kujambula, kuitanidwa kukayendetsa ukwati chifukwa anthu amva mawu anu, kapena kukafunsira ntchito ku wayilesi muli ndi magawo 20 oti abwana amvere, osati satifiketi yokha. Amene walipira atchulidwe poyera, makamaka nyengo ya kampeni, pamene andale amayamba kukonda aliyense wokhala ndi omvera.

Phindu lina silioneka lero. Ku America, bungwe la StoryCorps lakhala likujambula macheza a anthu wamba kuyambira 2003, mwana kufunsa kholo, mkazi kufunsa mwamuna wake, ndipo zojambulazo zimasungidwa ku Library of Congress. Kwathu kuno, National Library Service idayendapo m'maboma kujambula nthano za makolo mogwirizana ndi nthambi ya UNESCO ya m'dziko muno. Ntchito zotere zimadalira thandizo, ndipo galimoto yake siyingafike mudzi uliwonse. Mwana wa m'mudzimo safunika galimoto. Chomufunika n'kusunga bwino, poti foni zimabedwa, zimagwera m'madzi, memory card imafa. Chojambula chilichonse chikhale m'malo awiri, chilembedwe dzina la wolankhula, mudzi ndi tsiku, ndipo banja lake lipatsidwe kope.

Akuluakulu a wayilesi ya Mzati, a Mulanje Mountain Conservation Trust, a Mulhako wa Alhomwe ndi aphunzitsi a m'sukulu za sekondale angathandize popanda kudikira ndalama za kunja. Chipinda chimodzi chabata masana a Loweruka, muulutsi mmodzi wodziwa ntchito womvera zimene ana ajambula n'kuwakonza, n'zokwanira kuyambira. Atsikana asasiyidwe kumbuyo, chifukwa pali nkhani za kumtondo, za kusikelo ya ana ndi za m'munda wa tiyi zimene amayi sangamuuze mnyamata.

Inu amene mukufuna kuyamba, sankhani mutu umodzi, tsiku limodzi pa sabata, ndi mnzanu mmodzi wosaopa kukuuzani zoona. Jambulani magawo atatu musanalengeze chilichonse pa Facebook. Lachitatulo likamveka bwino kuposa loyamba, tulutsani.